Amene Ankapha Batire la m'Gowelo Langa

Amayi atakwatiwanso, mwamuna wawoyo analowa m'nyumba mwathu ku Armadale, dera la mzinda wa Perth ku Australia, ndi wailesi yakale, bokosi la zipangizo, ndi pakamwa posatseka. Ankafuna kuti ndiziwatchula kuti adadi. Ine ndinkati ankolo, ndipo mpaka lero ndi ankolo basi. Ku Perth ndinabwera ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, choncho Chichewa changa chimakwana bwinobwino kulemekezera munthu pakamwa uku ukumutukwana mumtima.

Mu Juni ankolo anagula galimoto yogonamo, imene kuno amati motahomu. Yoyera mbee, mipando idakali m'mapulasitiki. Munali bedi, kafuriji, sinki, magetsi ake. Ankauza aliyense kutchalitchi kuti tidzazungulira nayo Australia yense. Chilungamo chake chinatuluka tikudya madzulo: mng'ono wawo anali kubwera pakatha milungu itatu kudzachita kafukufuku kuyunivesite, ndipo ankafunika chipinda. Nyumba yathu zipinda zogona ndi ziwiri.

"Kwathu mnyamata akamera ndevu sagona nyumba imodzi ndi amake," anatero ankolo akunyambita zala. "Amapita kugowelo. Lako ndi ilo lili panjalo, la matayala. Anzako kumudzi amagona pamphasa."

"Ndevu zake ziti?" anafunsa amayi.

"Zili m'njira."

Amayi ndi namwino. Tsiku limenelo anali ataimirira kuyambira m'mawa, maso akutsekeka okha. Anangoti, "Tiyese kaye." Mawa lake anandipatsa bulangete lamagetsi, chifukwa kuno Juni ndi Julaye kumazizira kufika m'mafupa. Chipinda changa ankolo anachipenta mtundu wa phala. Zithunzi zanga za mpira ndinazipeza m'katoni.

Motahomu ili ndi mabatire awiri. Lina ndi lolizira injini, lina ndi la m'nyumbamo, loyatsa magetsi ndi furiji. Lachiwirili limadzaza ukamayendetsa galimoto, kapena ndi sola ya padenga, kapena ukalumikiza chingwe kusoketi ya m'nyumba. Sola inalibe ntchito chifukwa ankolo anaimika galimoto pansi pa shedi, ati dzuwa lingaononge penti. Ndiye moyo wonse wa gowelo langa unali pa chingwe chimodzi chalalanje, chodutsa pansi pa chitseko cha galaja. Magetsi a m'chingwemo akathima, galimotoyo simakuuza. Imangotembenukira kubatire mwakachetechete, inveta, kamakina kotumiza mphamvu ya batire kumasoketi, n'kupitiriza kudyetsa chilichonse chimene walumikiza mpaka batire litauma.

Tsono ankolo ali ndi matenda awo. Madzulo aliwonse, tikangonena ameni wa pemphero la seveni koloko, amazungulira nyumba yonse kuzimitsa masoketi. Tcha, tcha, tcha. Ketulo, TV, ngakhale mayikurowevu amene amangoonetsa nthawi. Chizolowezi cha mayunitsi a ku Lilongwe chinakwera nawo ndege. Za wayifayi tinamenyanirana mwezi wathunthu. Soketi imodzi yokha m'galaja anaimata tepi n'kulembapo ndi dzanja lawo kuti OSAZIMITSA. M'menemo ndi momwe munali chingwe cha motahomu.

M'galajamo munali chingwe china chalalanje, cha makina otchetchera kapinga. Ntchito yanga yonse inatenga nthawi yochepa kuposa kutsuka mano. Chingwe cha makinacho ndinachilowetsa m'soketi ya tepi, mchira wake n'kuubisa kuseri kwa makatoni. Chingwe cha motahomu ndinachipititsa kuseri kwa shelefu, pa ekisitenshoni pomwe pali wailesi yawo. Soketi ya wailesi amaizimitsa madzulo, n'kuiyatsa m'mawa akabwera kudzamvera nyimbo zamakwaya. Sindinadule waya, sindinachotse fyuzi. Ndinangosuntha pulagi.

Tsiku loyamba ndinaika bulangete pa nambala yotsiriza kuti batire liume msanga, n'kugona nditavala majuzi awiri. Kutacha kabolodi ka magetsi ka pakhomo la motahomu kanali kulira, pii, pii, magetsi akuphethira ngati a munthu wamalungo. Ndinagogoda pazenera lawo mano akugundana. Theka la kugundanako linali lenileni.

"Ankolo, gowelo lafa."

Anatuluka ndi kamita kawo koyezera magetsi, ka mawaya ofiira ndi akuda. Munthuyu amagwira ntchito yonyamula makatoni a masamba ndi folokolifiti ku Canning Vale, koma amati kumudzi ankakonza magetsi a tchalitchi chonse. Anatsegula galaja, tcha, kwaya inayamba. Anagwada pansi pa mpando pomwe pali batire n'kuyeza. Mavoti folotini.

"Chaja ikugwira ntchito iyi. Wagwira chani iwe?"

"Palibe. Ndinangogona, monga munanenera."

"Usandiyankhe ngati ndine mnzako."

"Pepani, ankolo."

Anapita kukaona soketi ya tepi. Chingwe chalalanje chilimo, swichi ili pansi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti batire latsopano limafuna kuzolowera.

Silinazolowere. Tsiku lachiwiri anazula mafyuzi onse mmodzimmodzi, kuwayang'anitsa padzuwa, n'kugula atsopano ngakhale akalewo anali abwino. Lachitatu anathira madzi otentha a soda pamitu ya batire, mitu yonyezimira yosaonapo dzimbiri chibadwire. Lachinayi anaimba mlandu furiji n'kuizimitsa, kuiwala kuti anasungamo nyama yambuzi ya alendo. Fungo lake linatenga masiku. Lachisanu anaimba mlandu foni yanga. Anandilanda chaja, batire linafabe. Ndinkawagwirira tochi, kuwapatsa sipanala, kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi magetsi a kutchalitchi kuja ankavutanso chonchi?" Mtsempha wa pachipumi pawo unkaima ngati nyongolotsi.

Loweruka anati tipite nayo motahomuyo komwe anaigula, cha ku Rockingham. Ananditenga kuti ndikhale mboni. Njira yonse ankakonzekera Chingerezi chokalipira. Chimene sanaganize n'chakuti injini inali kudzaza batire ulendo wonsewo. Makaniko wa kumeneko, mzungu wa kabudula m'chisanu chonsecho, anayeza apa, anayeza apo, n'kuwaonetsa kamita. Batire lodzaza, chaja ilibe vuto, palibe chikuba magetsi. Anafunsa ngati kunyumba chingwe chimakhala cholumikiza usiku wonse.

"Ndinamatapo tepi ine mwini wake!" anakuwa ankolo m'Chichewa, kenako n'kumasulira. Anamuuza mzunguyo kuti amawagulitsa zowola chifukwa ndi akuda. Mzunguyo anafiira makutu n'kuyezanso kachitatu. Apo pokha ndinamva kachisoni pang'ono, ka mzunguyo.

Pobwerera sanayatse ngakhale wailesi ya m'galimoto. Tili pamaloboti anati, "Ukudziwapo kanthu iwe."

"Ine ndi mwana, ankolo. Ndevu zidakali m'njira."

Sabata yachiwiri ndinayamba kutsokomola. Chifuwacho sindinachipeke, ndinangochikweza mawu amayi akamadutsa. Ankolo anabwereka batire lina kwa mnzawo wa kutchalitchi. Linafa usiku womwewo. Anayamba kunena kuti pali anthu a kumudzi amene sakondwa kuti iwo agula galimoto yotere, ndipo madzulo ake pemphero linatalika. Anadzudzula mzimu uliwonse woyamwa mphamvu pakhomo pano. Titati ameni, anadzuka n'kupita kukazimitsa soketi ija ndi chala chawo chomwe. Ndinaluma khushoni kuti ndisaphulike.

Amene anandigwira ndi amayi. Kutatsala masiku awiri kuti mlendo afike, anali ndi shifiti yausiku, ndipo seveni koloko inawapeza ali m'galimoto yawo pabwalo akufunafuna baji ya kuntchito. Pambali pa motahomu pali kagetsi kobiriwira koonetsa kuti magetsi a m'chingwe akulowa. Anakaona kakuthima nthawi yomweyo imene kwaya inaduka m'galaja. Analowanso m'nyumba atavala yunifolomu.

"Bambo, tabwerani. Iwenso."

Tinaima pabwalo atatu.

"Kayatseni wailesi yanu."

"Mayi, muchedwa kuntchito."

"Kayatseni."

Tcha. Kwaya inayamba, kagetsi kanayaka.

"Zimitsani."

Tcha. Kanathima. Anawachititsa katatu, ngati mwana wa sitandade wani. Kenako ankolo anakoka shelefu, natsatira chingwe ndi manja, nakokanso china chija cha m'soketi ya tepi mpaka mchira wake unatuluka kuseri kwa makatoni, wosalumikizidwa ku chilichonse. Anaugwira m'manja nthawi yaitali.

"Milungu iwiri," anatero. "Mafyuzi. Mbuzi. Ndakatukwana mzungu wosalakwa. Mwana wa njoka iwe!"

"Njokayo ndine?" anafunsa amayi.

"Sindinatero, mayi."

"Ine ndinangosuntha pulagi," ndinatero. "Wozimitsa munali inu, ankolo. Tsiku lililonse, mukangotha kupemphera."

Khofi limene linanditera kumbuyo kwa mutu linali la amayi, ndipo linali lokhwima. Anandilanda foni pomwepo, mwezi wathunthu. Anati kapinga ndizitchetcha ine mpaka ndidzakwatire, popeza zingwe ndikuzidziwa bwino. Anatinso Loweruka ndikapepese kwa makaniko uja pamaso.

Ankolo anayamba kupuma bwino. "Ndipo agonabe momwemo. Tsopano magetsi alipo."

"Ayi," anatero amayi akuyang'ana wotchi. "Mwana wanga wagona m'chisanu milungu iwiri, inu muli kalikiliki ndi kamita osafunsa n'komwe za chifuwa chake. Mwati gowelo ndi la anyamata osakwatira. Mng'ono wanuyo ali ndi zaka makumi atatu, mkazi alibe, ndevu zili mpaka m'khosi. Gowelo ndi lake."

"Mlendo wochokera kutali agone panja? Anthu adzati chani?"

"Adzati wagona m'galimoto yatsopano. Bambo, nyumba ino munaipeza. Kwathu ku Dedza mkamwini sagawa zipinda."

Analowa m'galimoto yawo n'kupita. Tinatsala awiri pabwalo, ankolo chingwe chidakali m'manja.

"Ndikuthandizeni kubwezera pulagi?" ndinafunsa.

"Choka pamaso panga."

Ndinachokadi, kukatenga katoni ya zithunzi zanga. Penti ya phala ija ilipobe, koma sioneka kwambiri, ndinamata paliponse.

Mng'ono wawo anafika Lachisanu, munthu wofatsa wa magalasi, ndipo gowelolo analikonda. Batire silinafenso. Kwa makaniko ndinapita. Nditamufotokozera anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala, n'kuitana anzake awiri kuti ndibwerezenso. Ankolo anadikira m'galimoto mawindo ali otseka.

Masoketi amazimitsabe madzulo aliwonse. Kungoti masiku ano akafika pa ya wailesi amayamba asuzumira kuseri kwa shelefu ndi tochi. Ndikakhala pafupi ndimawafunsa ngati akufuna ndiwagwirire.