Nsalu ya Seda Imene Tinabwerera Nayo

Pobwerera ku Chipera kuchokera ku Zambia, nkhondo itatha, amayi anakana kuika nsalu ya paguwa pamodzi ndi katundu wina. Anaikulunga m'chitenje n'kuimanga m'chiuno, monga anachitira tsiku limene tinathawa. Amene anaichotsa m'kapela tsiku lija anali abambo, popeza anali katekista. Iwo sanabwerere nafe. Tinawasiya m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo.

Kapela tinaipeza itatsala makoma awiri, mkati mutamera mitengo yaminga. Anthu anayamba ndi nyumba zawo ndi minda, ndipo panapita chaka chathunthu amuna asanadule milimo ya kapela yatsopano.

Tsiku limene anamaliza kufolera, amayi anatulutsa nsaluyo n'kuiyala pamphasa. Ndinaiona komaliza ndili kamtsikana, ndipo tsopano ndinali ndi mwana kumsana. Inali ya seda wofewa, mtundu wake ngati tiyi wamkaka. M'mphepete monse munayanga timaluwa tofiira ndi timasamba tobiriwira, ndipo kumapeto kumodzi kunali chithunzi chonga khomo losongoka pamwamba. Koma monse mmene inapindidwa zaka zija inali itang'aluka. Amayi anapapasa ming'aluyo ndi chala, poti maso awo anali atachita ng'ala.

"Yadyeka," anatero, n'kukhala pansi.

Masiku amenewo kunkabwera bambo wina wachikulire, Msilamu wochokera kunyanja yamchere, amene anali ndi kaloja, kasitolo kakang'ono, ku Fíngoè. Anafika kuno pamodzi ndi okumba golide, ndipo ankazungulira midzi pa njinga kugulitsa mchere, sopo, singano ndi ulusi. Amayi anawaitana kuti agule ulusi wofiira. Bamboyo ataona nsaluyo anapempha madzi, nasamba m'manja, ndipo pamenepo m'pamene anaikhudza.

Anaitembenuza n'kundiitana kuti ndione kumbuyo kwake. Duwa lililonse analisoka ndi timfundo tolumikizana ngati unyolo, ndipo panalibe tiwiri tofanana ndendende. Anati makina sasoka choncho, ndi dzanja la munthu, ndi kasingano kokowa. Ulusi wagolide wa pakhomo lija sunaboole nsalu. Anangougoneka pamwamba n'kuugwiriza ndi kaulusi kena kosaoneka bwino. Anandionetsanso mizere ya timabowo tokhatokha mozungulira maluwa.

"Umu munali ulusi wakuda," anatero. "Utoto wakuda wakale unkadya ulusi wake womwe. Mayi, nsalu iyi ndi yakale kuposa agogo anu. Maluwa awa ndi a ku India. Zotere zinkabwera pa ngalawa, n'kukwera Zambezi ndi amalonda."

Amayi anamwetulira. Koma bamboyo anayang'anitsitsa khomo losongoka lija.

"Pepani mayi, ndinene zoona. Iyi sanaisokere guwa. Agogo anga anali nayo yotere. Khomo ili amalilozetsa kumene ife timayang'ana popemphera. Pothetheka apa m'pamene pankafika chipumi, apa ndi apa mawondo."

"Bambo, amuna anga anaiyala paguwa zaka makumi awiri."

"Sindikutsutsa, mayi. Mwina mwini wake anaipereka kwa padiri wina kalekale. Amene angatiuze anapita onse."

Asananyamuke anatichenjeza kuti tisayese kulumikiza ming'alu, koma tiiyale pansalu ina yolimba n'kuigwiriza pang'onopang'ono. Anatinso tisamaipindenso, tiziikulunga pansungwi.

Amayi anakhala masiku atatu osaitchula nsaluyo. Ndinkawaona atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Tsiku lachinayi tikusenda chinangwa anati, "Atate ako sanadziwe. Ngakhale akanadziwa, sakanaisiyira moto." Kenako anandituma kukatenga singano.

Anayamba okha, mwanjira yawo, kulumikiza mng'alu monga amachitira ndi malaya. Singano itangolowa, seda anang'ambika kutsogolo kwake. Anayesanso, anang'ambikanso. Pamenepo anandipatsa singano, ndipo ndinaona kuti misozi ikutsika. Chiikireni abambo m'manda ndinali ndisanawaone akulira.

Tinang'amba nsalu yoyera imene amayi anaisunga kuti adzavale pa Misa yoyamba, n'kuiika pansi. Tikaweruka kumunda tinkakhala pamthunzi, ine kusoka, iwo kugwira m'mphepete. Ankatsatira ulusi wanga ndi chala, ndipo akamva kuti ndakoka kwambiri ankati, "Masula, mwanawe, ukuipweteka." Duwa limodzi linkatitengera masana onse. Nthawi zina ankandiuza mmene abambo ankaikunthira fumbi ndi nthenga ya nkhuku, osalola munthu kuichapa.

Padiri anatumiza uthenga kuti adzabwera misewu ikauma. Amayi ankawerenga miyezi. Koma chifuwa chimene anabwera nacho kumsasa chinakula mvula ili pakati, mitsinje itadzaza, njira ya kuchipatala itatsekeka. Anamwalira chimanga chikumasula, kutatsala mbali imodzi yosasoka. Mbali imeneyo ndinaimaliza ndekha, ndipo ikuoneka, chifukwa panalibe wondiuza kuti ndimasule.

Padiri anafika pa njinga yamoto dzinja litatha. Anali wachinyamata, ndipo anabwera ndi nsalu yatsopano yoyera. Azimayi a mumpingo atawafotokozera, anayala yoyerayo pansi, yathu pamwamba. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo sindinathe kuimba. Misa itatha nsalu yathuyo tinainyamula anthu awiri, ndipo pansalu yoyera panatsala fumbi lobiriwira la timasamba. Tonse tinaona kuti siingayalidwenso. Ndinaikulunga pansungwi n'kupita nayo kunyumba.

Bambo wamalonda uja anabweranso titakolola. Anatulutsa kampukutu ka ulusi wofiira wa seda, kamene anati anachita kuitanitsa ku Tete, n'kufunsa kuti mayi ali kuti. Nditawauza, anatsamiritsa njinga pamtengo n'kupempha kuti ndiwaonetse manda. Anaima chapatali, manja atatambasula, milomo ikuyenda. Atatha anandipatsa ulusiwo, nati akufuna akafike ku Malowera dzuwa lisanapendeke. Ndinawaperekeza mpaka pamphambano. Chaka chotsatira ndinamva kuti anatseka loja n'kubwerera kwawo.