Lolemba Limene Magdalena Anabweza Khodi ya Ankolo Kasapo

Galimoto inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka inagunda chidole cha msinkhu wa mwana chimene anachiimika kumbuyo kwake. Mabuleki sanagwire. Chidolecho chinagwa chafufumimba, tayala n'kuchiponda mwendo.

Zonsezi zinkaoneka pa sikirini yaikulu m'chipinda cha misonkhano, pa kampani ina ya ku Coolock, m'dziko la Ireland, imene imalemba mapulogalamu a m'magalimoto. Vidiyoyo inachokera kubwalo loyeserako magalimoto, ndipo Gerard, mkulu wa gulu lawo, anaionetsa mobwereza. Kenaka anatsegula tsamba losonyeza amene analemba khodi ya mabulekiyo, kutanthauza malangizo amene kompyuta ya m'galimoto imatsatira, ndi amene anaivomereza. Wolemba anali a Eston Kasapo. Wovomereza anali Magdalena Sambani.

Inu amene mwabwera kudzafuna chilimbikitso, dziwani kaye ichi: pa ntchito imeneyi palibe khodi imene imalowa m'galimoto munthu wachiwiri asanaiwerenge n'kuikapo dzina lake. Wachiwiriyo ndiye mlonda. Ulendo umenewu mlonda anali Magdalena, mtsikana wa ku Chilomoni amene anali asanamalize n'komwe miyezi yake yoyesedwa pa ntchito.

Cholakwikacho chinali chaching'ono pochiona. Kachipangizo koona kumbuyo kakamatidwa ndi matope n'kusiya kutumiza uthenga, pulogalamuyo inkangoganiza kuti kumbuyoko kulibe kanthu.

"Magdalena, mzere uwu unauona?" Gerard anafunsa m'Chingerezi, osakalipa n'komwe.

"Sindinauone," anayankha atazyolika.

Linali bodza. Mzerewo anauona, anauwerenga mobwerezabwereza, koma anadina kuti zonse zili bwino.

Musafulumire kumuseka. A Kasapo sanali mnzake wa pa ntchito wamba. Magdalena atamaliza maphunziro a zamakompyuta, anatha zaka akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba ku nyumba yosamalira okalamba ku Tallaght, kulikonse kofunsira ntchito akungomuyankha kuti pepani. Mwininyumba wake atagulitsa nyumba n'kumuuza kuti asamuke, amene anamutola anali a Kasapo, bambo a ku Zambia amene ankaimba nawo kwaya kutchalitchi ku Ballymun. Akazi awo, anti Norah, anamuyalira m'kachipinda kosungiramo masutikesi mpaka pamene anapeza pake pokhala. Ndi a Kasapo omwewo amene anakagogoda kwa Gerard kuti mwana uyu mumuyese.

Tsono munthu woteroyo, wa msinkhu wa bambo ako okubereka, ungamulembere poyera, ofesi yonse ikuwerenga, kuti apa mwalakwitsa? Ife tinaleredwa kuti wamkulu akaphonya, umayang'ana kumbali ngati sunaone. Magdalena anayang'ana kumbali, n'kumati amenewo ndiwo ulemu.

Msonkhano utatha, Gerard anamuitanira payekha. Anamulanda udindo wovomereza khodi, anamuonjezera miyezi yoyesedwa, ndipo sanazungulire: akapanda kuonetsa kuti maso ake amaona, asiyana. Magdalena ankadziwa kuti ntchito ikatha, ndiye kuti ndi chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chagwedezeka.

Komabe chimene chinamupweteka kwambiri si mawu a Gerard. Anali a Kasapo, amene anamupeza pamalo oimikapo magalimoto n'kumugwira paphewa.

"Usadandaule mwana wanga, ukali kuphunzira. Ngakhale ine sininaone."

Magdalena anachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu. Ofesi yonse inkamuona ngati wosadziwa ntchito, munthu amene iye anamuteteza ndi bodza uja ndiye ankamupepesa, ndipo panalibe aliyense woti n'kumuuza zoona. M'basi yobwerera kunyumba anakhala pampando wakumbuyo, nkhope atailozetsa pawindo. Mayi ake atamuimbira foni kuchokera ku Blantyre kufunsa za ntchito, anangoti zikuyenda.

Gerard anamuika ku ntchito yolemba mayeso a mapulogalamu, imene ambiri ankaithawa poiona ngati yonyozeka. Iye anaigwira ngati yoti apulumukirepo. Ankadzifunsa mafunso otopetsa: nanga kukagwa mvula yamkuntho, nanga tsamba la mtengo likamatirira pa kamera, nanga waya akaduka galimoto ili pa liwiro? Funso lililonse ankalisandutsa mayeso, ndipo mayesowo anayamba kugwira tizolakwika timene tinkadutsa anthu onse.

Kuona kunali kosavuta. Chovuta chinali kunena.

Anayamba kuonetsetsa anzake a ku Ireland. Kamtsikana kongochoka kumene ku yunivesite kankatha kulembera Gerard yemweyo kuti, "Apa si bwino, konzani," kenaka awiriwo n'kupitira limodzi kukamwa tiyi akuseka. Magdalena ankangoti kukamwa yasa. Kwawo mawu oterowo akanaitanitsa ankhoswe.

Gerard atamulola kuyambanso kupereka ndemanga, yoyamba inali yoseketsa. Anayamba ndi moni, n'kuyamikira ntchito yabwino, n'kupepesa kuti mwina ndi iyeyo amene sakumvetsa, ndipo vuto lenilenilo analibisa kumapeto ngati munthu wodzapempha mchere. Mwini khodiyo anabwera pa desiki pake n'kufunsa kuti, "Ndiye pali vuto kapena palibe?" Magdalena anati lilipo. Kuyambira pamenepo ankafufuta chiganizo chimodzi chopepesa pa ndemanga iliyonse, mpaka anafika polemba zinthu mmene zilili. Gerard anamubwezera udindo wake uja mwakachetechete.

Koma onse amene anawabwezera khodi anali anzake a msinkhu wake. Ya a Kasapo inali isanamufikenso.

Inafika Lachisanu lina, sabata yoti Gerard agamule za ntchito yake ili pafupi. Inali pulogalamu ya chitseko chotseka chokha, ndipo kampani yopanga magalimotowo inkaiyembekezera Lolemba. Magdalena anaiwerenga n'kupezamo vuto. Batire likafooka chifukwa cha kuzizira, kachipangizo koteteza kuti chitseko chisapane dzanja kankazima kwa kanthawi, koma chitsekocho chinkapitirizabe kutseka.

Lamulungu, Misa itatha, anapita kwa a Kasapo monga mwa masiku onse. Anawapeza m'khitchini atamasula tayi, akumwa tiyi. Magdalena anagwada pa matailosi ozizirawo.

"Ankolo, ndili ndi mawu."

"Manje wagwadira chani? Nyamuka, kuno ni ku Ireland."

Iye sananyamuke. "Code yanu ya chitseko ija, mawa ndiibweza. Battery ikafooka sensor imazima, koma chitseko chimatsekabe."

"Iyo ni one in a million. Deadline ni Monday, iwe. Vomereza chabe, tizakonza mu release yobwera."

"Sindivomereza, ankolo."

A Kasapo anamufunsa: "Uli na miyezi ingati pa nchito?"

"Yochepa. Koma cholakwika cha mabuleki chija nachonso ndinachiona. Ndinakhala chete kuopa kukuchititsani manyazi."

Bambowo anaika kapu pa tebulo pang'onopang'ono.

"Unaona? Unaona, wanileka niimilire pamaso pa banthu bonse monga chitsiru, na ine nabwera kukupepesa? Ndiye ulemu wako uyo?"

Miyezi yonseyo Magdalena ankadzitonthoza kuti anavutikira kuteteza munthu wamkulu, ndipo tsopano anaona kuti sanateteze aliyense koma mantha ake. A Kasapo anatuluka m'khitchinimo. Anti Norah, amene ankatsuka mbale ngati sakumva, anapukuta m'manja n'kudzutsa Magdalena.

Lolemba m'mawa Magdalena analemba mizere iwiri yofotokoza vutolo, n'kudina kuti khodiyo wayikana. Dzina lake linaonekera kwa onse, pansi pa dzina la a Kasapo.

Tsikulo pulogalamu sinatumizidwe. Gerard anatha m'mawa wonse akupepesa kampani ya magalimoto ija pa foni, nkhope itafiira, kenaka anabwera kudzafunsa Magdalena ngati akutsimikiza. Magdalena ankadziwa kuti ngati walakwitsa ulendo uno, ndiye basi, alongedze. Anayang'ana Gerard m'maso n'kunena kuti akutsimikiza.

Analowetsa chitsekocho m'chipinda chozizira choyeseramo zinthu, batire analifooketsa, ndipo m'malo mwa chala anaikapo karoti. Chitseko chinatseka, karotiyo n'kuduka pawiri.

Sabata yomweyo Gerard anamuuza kuti ntchito ndi yake.

Mwina mukuganiza kuti anavina. Ayi ndithu. A Kasapo anakonza khodi yawo osamuyankhula. Ku kwaya ankaima kutali, moni ankangoyankha ndi mutu, ndipo Magdalena anasiya kupita kwawo Lamulungu chifukwa manyazi anali asanamuchoke. Ntchito anaipeza, koma ankaona ngati wataya bambo.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina kompyuta yake inamudziwitsa kuti pali khodi yatsopano yofunika kuiwerenga. Wolemba anali Eston Kasapo. Nthawi zonse wowerenga ankasankhidwa ndi kompyuta, koma ulendo uno wolembayo anachita kusankha yekha, ndipo pansi pake anaikapo mawu m'chinenero chimene mu ofesi yonseyo ankachimva ndi anthu awiri okha: "Uyang'ane bwino, mwana wanga. Osanimvera chifundo."

Magdalena anapita kuchimbudzi kukalira, anasukusula, n'kubwerera pa desiki. Anapezamo zolakwika ziwiri ndipo anazilemba zonse.

Lero ndi iye amene amaphunzitsa obwera kumene mmene angawerengere khodi ya anzawo, ndipo amene amawatengera nthawi yaitali ndi aja aulemu kwambiri, ongoti inde pa chilichonse.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali pamene munaona chinthu n'kukhala chete, ndipo manyazi ake akukudyani mpaka lero. Mwina anthu akukuyesani wosadziwa kanthu pomwe vuto lanu ndi mantha chabe. Musadzitaye. Bwererani pa ntchito imene akupatsaniyo ngakhale ioneke yonyozeka, ndipo phunzirani kunena zoona pang'onopang'ono mpaka lilime lizolowere. Ngati mwambo wanu ukufuna kuti mugwade, gwadani ndithu, koma mawuwo muwanene. Limbani mtima, mutsegule pakamwa.