Dothi la m'chitini cha mabisiketi

Ndikukumbukira chitini cha mabisiketi chimene amayi ankabisa pamwamba pa firiji kunyumba kwathu ku Takoma Park, kutsidya kwa nyanja. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinakwera pampando kuti ndibemo, koma ndinapezamo zibuma za dothi lofiira. Ndinakhumudwa koopsa.

Amayi anali oyembekezera. Dothilo linabwera m'sutikesi kuchokera ku Lilongwe, ndipo akaweruka kuntchito yosamalira okalamba ankalikukuta ngati mtedza wokazinga. Ine pakamwa panga sipankagona nkhani. Lamlungu kutchalitchi ndinakaulula kwa Anti Mutinta, a ku Lusaka, amene ankafufuza za poizoni wa m'zakudya pa yunivesite ina. Ndinkayembekeza kuti aseka, koma sanaseke.

"Amake Thoko, mubwele nayo Monday tikaipime," anatero.

Amayi anandiyang'ana ndi diso lija, komabe tinapita. Mu labotale munkazizira, mukununkha mankhwala otsukira. Anandiveka magalasi aakulu ndi chovala choyera chimene chinkakwekwereza pansi. Anti anapera chibuma chimodzi, n'kuchiloza ndi kamakina kogwira m'manja. Posakhalitsa pagalasi pake panatuluka mndandanda wa mayina a zitsulo.

Ndinangoti kukamwa yasa. Kwa ine dothi linali dothi basi, koma kamakinako kankaona za m'kati mwake ngati munthu wowerenga nthanga dzungu asanalidule. Ndinachita mantha okoma, moti ndinaiwala kupuma.

Anti analoza dzina limodzi. "Uyu ni mtovu. Umapita mpaka kwa mwana m'mimba, umaononga bongo."

"Amayi anga ankadya dothi lomweli ali ndi pakati pa ine," anatero amayi motsitsa mawu. Amayi anagwira mimba yawo ndi manja onse awiri, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akuopa.

Mawa lake anakayezetsa magazi. Dothi lonse analisiyira Anti, kupatula kachibuma kamodzi.

Mlongo wanga Chifundo anabadwa bwinobwino, ndipo lero ndi mnyamata wamtsutso wotopetsa. Masiku ano sutikesi ikafika, timayamba tafunsa kuti chakudyachi chachokera kuti, zomwe kale zikanakhala mwano. Kachibuma kaja kakadali m'chitini. Amayi akasowa kwawo amakadonthezera madzi, kamanunkhira mvula yoyamba, iwo n'kutsinzina. Kenako amatseka chitinicho. Sanalumeko ngakhale kamodzi.