Chikasu cha kakombo pa siketi yanga

Ndinali giredi naini, kutatsala miyezi iwiri kuti tilembe mayeso, pamene aphunzitsi a sayansi anati aliyense abwere ndi duwa. Anzanga anangothothola la maungu kudimba. Ine, ndi matama angawa, ndinafuna kakombo wa m'madzi, wa padamu la famu ina cha ku Kasisi.

Loyamba ndinalithyola m'mawa, madzi akulekeza m'mawondo. Aphunzitsi analikanula ndi chikhadabo n'kundionetsa pagalasi lokuzira zinthu. Munali timapesi tachikasu tambirimbiri, takunja tophwathalala, tam'kati towonda, kalikonse kali ndi timatumba tatitali totseka.

"Ili latsegula lelo," anatero. "Mungu utuluka tsiku lachiwiri. Ukapeze la dzulo."

Ndinabwererako n'kumanga kaulusi pa duwa lina kuti ndidzalizindikire, m'mawa mwake ndinapitanso. Timatumba tija tinali titang'ambika m'litali, ufa wachikasu uli mbwee m'zala. Ndinakondwa tsiku lonse, chitsiru ine.

Koma damu limenelo ndi kumene ankasamba amuna ogwira ntchito pafamu, ndipo kwathu mtsikana akaoneka kumeneko m'mamawa, mlandu watha kale. Mayi wina woyandikana nafe, wa pakamwa posatseka, anandiwerengera maulendo onse atatu n'kukauza amayi. Madzulo amayi ananyamula siketi yanga ya sukulu, yonyowa m'munsi, kumbuyo ili ndi chikasu pamene ndinapukutira manja.

"Unagona pa chani?" anafunsa.

"Ni mungu, amai. Funsani ba ticha."

"Ba ticha ndiye anakutuma kwa amuna osamba?"

Atate sanakweze mawu. Anangoti mwana akayamba njira zimenezi sukulu n'kutaya nthawi, ndipite kwa azakhali ku Bundabunda akandilange. Ndinalira, ndinalumbira, ndinapempha kuti tipite tonse kusukulu akadzimvere okha. Palibe anadzuka pampando. Sabata imene anzanga ankalemba mayeso, ine ndinali pakhonde la azakhali kusenda mtedza wa mbewu. M'kalasi sindinalowenso.

Chaka chatha amayi anadwala miyendo, ndipo wowasambitsa ndinali ine. Tsiku lina, ndikuwapaka sopo, ndinawafunsa ngati anakhulupiriradi zija.

"Ba ticha anabwera kunyumba sabata isanathe," anayankha, maso ali m'beseni. "Anatifotokozera zonse. Tinadziwa kuti sunaname."

"Nanga bwanji simunabwere kunitenga?"

"Tinali tauza kale anthu ku tchalichi kuti unalakwa. Tikanakutenga, sembe anatiseka."

Ndinawatsuka msana mpaka kumaliza, ndinawapukuta, ndinawaveka chitenje. Ndimawasambitsabe mpaka pano, pakuti ndi amayi anga. Koma sindinawakhululukire, ndipo iwo akudziwa.