Kalata ya tenanti wanga wakale

Ndiulule poyera: ine ndinachitapo nsanje ndi kalata ya msonkho. Anzanga amachita nsanje ndi njinga yamoto kapena nyumba ya malata. Ine kalata.

Mwini kalatayo anali tenanti wanga wakale. Anafika kwathu ku Wimbe kuchokera kummwera atanyamula mkeka ndi mapoto awiri, mkazi wake ali ndi mwana kumsana. Ndine ndinamuphunzitsa kufesa nazale, kusoka fodya, kupachika m'chigafa ndi kusankha masamba. Anandilimira zaka zisanu, kenaka n'kukabwereka munda kutsidya kwa dambo. Posakhalitsa anali ndi nambala yakeyake yogulitsira fodya ku okushoni, ngolo ya ng'ombe ziwiri, ndi kagolosale pamsika. Nthawi imeneyo zigafa zanga zinali zitayamba kupendama. Zinkandiwawa, sindinama.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinatsala chondisungira ulemu. Munthuyu sukulu analekeza panjira, Chingerezi sankachimva. Pepala lililonse limene walandira ankabwera nalo kwa ine, n'kuvula chipewa, n'kukhala pansi pakhonde. "Bwana, tandiwerengereni." Mawu amenewo ankandikhutitsa tsiku lonse. Akhale ndi ngolo, akhale ndi golosale, komabe ankandifuna.

Tsiku lina, msika wa fodya utangotsekedwa, anabwera ndi envulopu yakhaki yochokera ku ofesi ya misonkho. Nditayamba kuwerenga, nsanje inandigwira. Kalatayo inkamutcha mwini bizinesi. Inkangomupempha kuti apite kuboma ndi mapepala a ku okushoni osonyeza msonkho umene ankamudula pogulitsa fodya, kuti amulembetse bwino pamodzi ndi golosale yake. Basi, nkhani yonse inali yomweyo. Ine ndalima fodya kuyambira ndevu zisanamere, koma boma silinandilemberepo ngakhale mzere umodzi. Lero likulembera munthu amene ndinamubwereka khasu!

Ndinatsokomola, n'kuvula magalasi pang'onopang'ono.

"Apa zavuta," ndinatero. "Akuti mwakhala mukuzemba msonkho. Abwera kudzatseka golosale, mwinanso kulanda ngolo. Ndikanakhala inu, ndikanasamutsa katundu n'kukapuma kaye kwanu."

Ndinkafuna ndimuone akunjenjemera. Kwathu kuno munthu akamva za a msonkho amayamba wabisa mbuzi, mafunso pambuyo. Ndinkayembekeza kuti andigwira mwendo kuti ndikamulankhulire.

Iye anangokanda chibwano.

"Alemba kuti ndipite liti, bwana?"

Ndinamuuza tsikulo. Manambala ankawadziwa, sindikanatha kubisa.

"Nanga atchula zoti ndikatenge?"

"Mapepala," ndinayankha mokalipa.

"Ngati ndi mapepala, alipo. Kuthawa ndiye ayi, nazale athirira ndani? Munthu wofuna kukulanda katundu sayamba wakulembera kalata. Ndikawamvere kaye."

Anapinda kalatayo bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya, mtima uli m'malo ngati waitanidwa ku ukwati. Apa ndiye nsanje inakula kawiri. Mtima wotere anautenga kuti? Kwa ine ayi. Ine wapolisi wapamsewu akangokweza dzanja thukuta limatuluka.

Mkazi wanga ndiye anandiwonjezera moto. Anati anamva kwa mkazi wa munthuyo kuti pepala lililonse la ku okushoni, kuyambira belo lake loyamba, amalisunga m'pulasitiki ya m'thumba la feteleza, n'kumangirira kudenga kuopa chiswe. Anga ine ndinkapichirira chingambwe, otsala mkazi wanga ankakulungira mbewu ya mpiru.

Mwini kalata uja sanadikire n'komwe tsiku lolembedwalo. Lolemba lotsatira ndinamuona akudutsa pamsewu atavala jekete, pulasitiki ili kukhwapa. Tsiku limenelo sindinagwire ntchito iliyonse. Ndinangokhala n'kumayang'ana kumsewu. M'mawa ndinkalakalaka atakamupezako ndi mlandu, ngakhale waung'ono. Pofika masana ndinazindikira chimene ndinachiiwala: ku ofesiko kulinso anthu odziwa kuwerenga.

Anabwerako dzuwa litapendeka, n'kukhotera kwathu. Mkazi wanga ankaswa mtedza pabwalo. Anamupatsa paketi ya shuga ndi manja awiri, kenaka n'kutembenukira kwa ine.

"Ndabwerako, bwana. Zayenda bwino, andilembetsa. Mayi wina kumeneko anandiwerengera kalata yonse m'Chichewa, mzere ndi mzere. Za kutseka golosale mulibemo."

Mkazi wanga analeka kuswa mtedza n'kundiyang'ana. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

"Mwina maso ayamba kutopa, bwana," anapitiriza mofatsa. "Zilembo zake n'zazing'ono. Sindizikuvutitsaninso nazo. Andiuza kuti ndikalandira ina ndizingopita nayo komweko."

Anatsanzika mwaulemu n'kumapita. Akananditukwana ndikanapeza poyambira, ndikanamukumbutsa mkeka wake uja. Koma anandipezera yekha pobisala, pamaso pa mkazi wanga, ndipo ngakhale kukoma mtima kumeneko ndinachita nako nsanje.

Mkazi wanga anangotola shuga uja n'kulowa naye m'nyumba. M'mawa mwake anandithirira mu tiyi masipuni atatu odzaza, akundiyang'ana m'maso. Ndinamwa, poti shuga wathu anali atatha.