Munaimirira M'mwadiya, Abambo

Abambo, wansembe wathu wa Angilikani, lero chakwana chaka chitisiyireni, koma ine m'malo molira ndangokhalira kuseka ndekha. Ndakumbukira dzinja lija madzi atazinga Makhanga, mkazi wanga ali gone, akulirira Ukaristia. Ndinakutengani pa mwadiya wanga, kabwato kosema kaja, ndikupalasa ndekha, ndipo ndinakuuzani bwinobwino kuti, "Abambo, muno sitiimirira, khalani pansi ngati thumba la mapira." Inu munthu wa kumapiri munangoti, "Ndamva, a Jofesi." Koma mutaona akhristu ali ndandanda pamtunda akuimba, poti munazolowera kudalitsa chilili, basi nyamu! Tonse awiri chubwi!

Ine povuuka ndinangoona mkono umodzi uli m'mwamba, kachitini ka Ukaristia kosanyowa n'komwe, mutu wanu wosaoneka. Mutatuluka munalavula madzi n'kunena kuti, "A Jofesi, mpingo wathu subatiza kawiri!" Munalowa m'nyumba mkanjo ukuchucha matope, mayi uja anaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kulandira. Kuseka kwake komaliza kunali komweko, ndipo munamupatsa ndinu. Usani mumtendere, Abambo. Mukakumana naye kumeneko mumuuze kuti ndikudya bwino, asadandaule.