Kampira kanakhudza m'mphepete

Amene anandibweretsera nkhaniyi ndi alamu anga a Esinati, tikutuluka mu Misa yoyamba. Anati bungwe lina likufuna mayi wosunga makiyi a holo kufupi ndi Njuli, kumene ana athu azisewera tebulo tenisi pamodzi ndi ana a mabanja othawa nkhondo ku Mozambiki. Ine wolekera Sitandade 6, chibadwire ndinali ndisanalembedwepo ntchito. Ndinathokoza Mulungu n'kupita.

Ophunzitsa masewerawo, a Kachingwe, anandionetsa kumanga neti pakati pa tebulo, kupukuta labala wa mabati omenyera kampira ndi kansalu konyowa, osawasiya padzuwa. Kampira kakapondedwa n'kulowa mbali imodzi, ndimakaviika m'madzi otentha n'kubwerera mwakale. Kenako anandiphunzitsa kukhala pambali pa neti, kuwerenga mapointi ndi makatoni a manambala.

Mwana wanga Tadala amasewera bwino. Koma panali Filomena, mwana wa a Rozita, amene anabwera kuno kuchokera ku Mozambiki ndi chitenje chimodzi. Mtsikana ameneyo dzanja lake linali lina. Kumjigo amayi amandinyogodola: "Mayi a Tadala, mwayamba kulera obwera?" Ndimangoseka, poti agogo athu nawonso anachokera komweko, koma zimandiwawa.

Tsiku lovuta linali losankha mtsikana mmodzi wokapikisana ku Blantyre. Otsala anali awiri, Tadala ndi Filomena. Ndinapempha kuti mapointi awerenge wina. A Kachingwe anali ndi tebulo la anyamata. Anati, "Palibe wina, mayi. Inu muzingonena zimene mwaona."

Holo inadzaza. Kumbuyo kwanga kunali abale ndi amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi, pakhomo a Rozita okha, manja pachifuwa. Kuthawa kunalibe. Masewero omaliza anafika teni kwa Filomena, naini kwa Tadala, ndipo wofika pa leveni ndiye wopambana. Filomena anamenya kampira kautali, kanapita ngati katuluka, koma kanakhudza m'mphepete mwenimweni mwa tebulo. Kaphokoso kakang'ono, "tsa". Pa lamulo, kakatero ndiye kuti kalowa. Anthu anali atayamba kale nthungululu, akuti katuluka. Filomena mwini sanaone, anangoweramitsa mutu. Tadala anamva. Anandiyang'ana.

A Esinati anandigwira phewa. "Mlamu, tembenuzani katoniyo, mwana ndi wanutu uyu."

Ndinati mumtima, Amayi Maria, ndithandizeni. Kenako ndinati, "Kakhudza."

Filomena anapita ku Blantyre. A Rozita anandigwadira akulira, akuyankhula Chilomwe chimene ndinamva theka. Ndinawadzutsa msanga, manyazi atandigwira, chifukwa ndinatsala pang'ono kuwabera.

Kunyumba Tadala anangoti, "Amayi, mukanangokhala chete bwenzi ndani akudziwa?" Chimene ndinagwira n'chakuti ntchito iyi si ya makiyi ayi. Ana awa anathawa kumene kunalibe wowanenera zoona, ndiye nane ndikanama, angathawirenso kuti?

Makiyi ndidakali nawo, ndipo ndimathokoza. Koma Tadala sanagwirenso bati. Loweruka lililonse Filomena amaima pampanda pathu kumuitana kuti akasewere, iye amati akuchapa. Alamu anga amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada muzilikumbukira banja lathu, makamaka Tadala, kuti Loweruka lina adzatuluke.